Chopanira cha munthu mmodzi

Tsiku logawa katundu wa amuna anga, alamu anga anandiuza kuti pa zitsulo zonse za mlongo wawo nditengepo chimodzi chokha. Za nyumba ndi munda panalibe wolankhula, pakuti mudzi uno ndi wakwathu, malemuwo anabwera ngati mkamwini kuchokera ku Golomoti. Koma zitsulo zinali zawo, ndipo za mwamuna zimabwerera kwawo. Mwana wa alamuwo, amene amakonza njinga zamoto kwawoko, anali ataimika kale ngolo pansi pa mlambe. Anayala zonse pa mphasa, masipanala, mahamala, masoketi, anthu atakhala mozungulira ndi mitu yometa. Ine maso anga anali pa zitsulo ziwiri basi, ndipo mtima unkafuna zonse ziwiri.

Kuti mumvetse, ndiyambe ndi ntchito yawo. Amuna anga ankakonza mainjini a zigayo ndi a mapampu othirira mpunga. Pamwamba pa injini pamakhala chitsulo cholemera chimene ankachitcha hedi. M'menemo muli mavalavu awiri, ina yolowetsa mpweya, ina yotulutsa utsi. Valavu iliyonse imakokedwa ndi sipuling'i yolimba moti ndi zala simungaifinye. Pamwamba pa sipuling'iyo pali kambale, ndipo kambaleko kamatsekedwa ndi tizitsulo tiwiri tonga mtedza wogamphula pakati. Iwo ankati timakiyi. Pochotsa timakiyi uyenera kutsindika sipuling'i kuti ifupike, pobwezeretsa chimodzimodzinso. Anyamata ena amangoikapo soketi n'kumenya ndi hamala, timakiyi n'kuuluka ngati ziwala. Iwo zimenezo ankadana nazo, amati ndi mmene anthu amaphulikira maso.

Ndiye anadzipangira chawo tili achinyamata. Anatenga chitsulo chachitali cha khasu la ng'ombe lothyoka, nakaotcherera kampope koboola m'mbali chapakati pake. Nsonga imodzi ankaikola pa ngowe imene anakhomera pa chipika cha tsanya m'chisakasa mwawo. Nsonga inayo inkafuna munthu woitsamira. Munthuyo ndinali ine. Chitsulocho tinkangochitcha mpini.

Amayi anga poyamba zinkawanyansa. Ankati akamwini a anzawo akulimira apongozi, wawo akuchotsa mwana wawo pa mtondo kuti akatsamire chitsulo. Anasiya kudandaula chaka chimene chigayo cha m'mudzi muno chinafa pakati pa dzinja, mkamwini yemweyo n'kuchidzutsa.

Ndikamva kuti «Mayi, tabwerani mundibwereke thupi», ndinkadziwa kuti hedi yakwera pa chipika. Ndinkayala chitenje pansi kuti timakiyi tikagwa tisasowe mu mchenga, kenako n'kugwira mpini ndi manja awiri, n'kuutsamira ndi mimba. Iwo amakhala pa kampando, nkhope pafupi ndi kampope kaja. Mawu awo anali omwewo zaka zonse: tsindikani, gwirani pomwepo, tulani pang'onopang'ono. Ankandiseka kuti anachita kusankha dala mkazi wathupi, woonda akanawaulutsira masipuling'i mpaka pa njanji. Ine ndinkawayankha kuti ndikadzaonda adzakwatire thumba la mpunga, lidzawatsamirira osawayankha. Tsiku lina kakiyi kanadumpha chitenje, tinasefa mchenga wa m'chisakasa chonse ndi sefa wanga wa ufa, iwo akuyang'ana tambala wathu ndi diso lokayikira. Tinakapeza m'mphepete mwa thalauza lawo mmene anapindira.

Malo ogwira paja anandikulungira mphira ya chubu cha njinga kuti ndisachite matuza. Mphirayo inafika posalala ngati chikopa, ndipo inalowa mkati malo a zala zanga. Ndipo poti ndinkaima iwo atakhala, chimene ndinkaona nthawi zonse chinali pamutu pawo. Ndinaona tsitsi lakuda bii, kenako imvi zoyamba, kenako dazi likuyamba ngati kadziwe kakuphwa. Nkhope yawo anthu onse ankaidziwa, koma paliwombo pawo ndinkapadziwa ndine.

Chaka chimene anayamba kutupa miyendo ndi kupuma mobanika, anandiuza m'mawa wina kuti ndivale, tipite ku Salima tikagule chopanira masipuling'i. Ndinafunsa chimene chalakwika ndi mpini. Anati palibe, koma dziko lapita patsogolo. Tinayenda mpaka pa Mtakataka, tinakwera minibasi, ine nditatupa mtima njira yonse. M'thumba la malaya anali atatenga sipuling'i yakale ndi kabango kamene anayezera kukula kwa hedi.

Mwini sitolo anatulutsa mitundu itatu. China chinali chaching'ono chonga pulayala, iwo anangochiyang'ana n'kunena kuti ndi cha njinga zamoto, sipuling'i ya chigayo ingachiyasamule. China chinali ndi zikhadabo ziwiri zokola sipuling'i ndi chopotokola pamwamba. Anachiyesa pa sipuling'i yawo ija, chikhadabo chimodzi chinaterereka, anapukusa mutu. Chachitatu chinali chachikulu, chopindika ngati chibwano cha ng'ona, mbali ina chogwira valavu pansi, mbali ina chotsindika kambale pamwamba, ndi chogwirira chopota. Analowetsa kabango kaja pakati pa chibwanocho, kanakwana. Za mtundu umenewo zinalipo ziwiri, china chokhuthala, china chopepukirapo. Iwo m'malo moyesa okha anapatsa ine.

«Tapotani, mayi.»

Ndinati ine sindine makaniko. Anandikakamiza. Chokhuthalacho chinandilimbira, chogwirira chake chinali chachifupi. Chopepukacho chinazungulira bwinobwino m'manja mwanga. Mwini sitolo anawauza kuti kwa munthu wa ntchito ngati iwo chokhuthalacho ndiye chokhalitsa. Iwo anati atenga chopepuka. Mwini sitoloyo, pofuna kundisangalatsa, anati tsopano amayi mupuma, ichi n'cha munthu mmodzi, sichifuna wothandiza.

Mawu amenewo anandilasa. Tinabwerera pa minibasi mpaka pa Mtakataka. Tili pa njira ya kumudzi ndinawafunsa ngati thupi langa lawakwana, poti agula mkazi wachitsulo. Anaseka mpaka kutsokomola, anakhala kaye pa tsinde la msawu kuti mpweya ubwerere. Utabwerera anadzuka, tinapitiriza ulendo.

Chodabwitsa n'chakuti atafika nacho sanachigwiritse ntchito. Anachipachika pa msomali. Hedi ikabwera ankaitanabe kuti ndiwabwereke thupi. Kungoti tikamaliza ankatsitsa chopaniracho n'kunena kuti ndikhale pa kampando, andionetse mmene chimagwirira. Ine ndinkakana. Ndinkati malo anga ndi ku mpini, ndipo ndinkachoka kukapeta mpunga. Kamodzi kokha ndinalola, mwina poti tsiku limenelo milomo yawo inali yotuwa. Anandigwira dzanja, nandionetsa poika chibwano, popota, poleka.

Ntchito yawo yomaliza inali hedi ya chigayo chathu chomwechi cha m'mudzi. Tinachotsa masipuling'i ndi mpini monga mwa masiku onse. Anapala mavalavu mpaka anakhala bwino, anatsuka zonse ndi dizilo, anayala pa thumba, timakiyi anatisunga m'kachitini ka mafuta odzola. Anati tibwezeretsa mawa. M'mawa mwake analephera kudzuka. Tinawanyamula kupita nawo kuchipatala ku Mua, ndipo kumeneko, pakati pa zambiri zimene akanatha kunena, anandiuza za hedi.

«Musaisiye yotsegula, mayi. Mwini wake anandikhulupirira. Anthu akusinja pa mtondo.»

Ndinawauza kuti adzaitseka okha akachira. Sanachire.

Ndiye pa mphasa paja panali mpini ndi chopanira, ndipo m'chisakasa munali hedi yovundikira ndi thumba. Mwana wa alamu anga anali atandiuza kale mwaulemu kuti iye mainjini a dizilo sawadziwa, ndipo ngolo inali yobwereka, iyenera kubwerera tsiku lomwelo. Mwini chigayo ankanena zotenga zidutswazo m'thumba kupita nazo kwa makaniko wina ku Salima. Sakanalakwa. Koma ine ndinkaona ntchito yomaliza ya amuna anga ikugwedezeka m'thumba pansi pa mpando wa minibasi, munthu wachilendo n'kudzaikhuthula pansi, n'kufunsa kuti ndani anasiya zinthu chonchi.

Manja anga anapita okha ku mpini. Ndinagwira pa mphira paja, zala zinalowa m'malo mwake. Alamu anga anati, «Tengani chomwecho, alamu, tonse tikudziwa kuti n'chanu.» Ana anga aakazi, amene anabwera kumaliro kuchokera kumabanja kwawo, anavomereza ndi mitu. Ndinaunyamula pang'ono. Pamenepo m'pamene ndinadzifunsa kuti ndikautsamira, pa kampando padzakhala ndani. Mpini umafuna anthu awiri. Ndinayang'ana chopanira chija, chopepuka, chimene anachiyeza ndi dzanja langa osati lawo, ndipo ndinamva zimene sanandiyankhe pa tsinde la msawu.

Ndinautula mpini. Ndinatenga chopanira. Ena anang'ung'udza kuti agogo asankha chonyezimira. Mwana wa alamu uja anakweza zonse, mpini anauika pamwamba poti unali wautali, nsonga ya mphira inatulukira kumbuyo kwa ngolo. Ndinaiyang'ana ikugwedera mpaka anakhota pa mlambe wachiwiri.

M'mawa mwake ndinalowa m'chisakasa ndekha. Ndinayala chitenje. Ndinakhala pa kampando kawo, kamene kanali kotsetsereka mbali imodzi monga mmene ankakhalira. Ndinalowetsa valavu, ndinaika sipuling'i ndi kambale, ndinakoleka chibwano. Ulendo woyamba ndinachiika mopendama, sipuling'i inapindikira m'mbali, ndinabweza msanga mtima uli m'mwamba. Ndinayambiranso. Ndinapota mpaka khosi la valavu linaonekera. Zala zanga n'zonenepa, kakiyi kanagwa pa chitenje, kanagwanso. Kenako ndinakumbukira zimene ndinkaziona kuchokera pamwamba zaka zonsezo: ankapaka girisi pa nthenga ya nkhuku, kakiyi n'kumatirira, n'kukalowetsa nako. Ndinatuluka, ndinatola nthenga pa khola. Kanakhala. Kachiwiri kanakhalanso.

Ndiye pakamwa panga panatuluka mawu okha: «Tulani pang'onopang'ono.» Ndinakweza maso kuyang'ana pamene ndinkaima ine. Panali denga la udzu ndi ngowe ija pa chipika, yopanda chokola. Ndinalira pamenepo kuposa mmene ndinalirira kumanda. Dzanja limodzi linali likugwirabe chopanira, poti ndinkaopa kuchisiya.

Nditapukuta maso ndinabweza chogwirira pang'onopang'ono, kambale kanakwera n'kugwira timakiyi. Valavu yachiwiri sinandivute kwambiri. Hamala inali itapita ndi ngolo, ndiye ndinagogoda pamwamba pa mavalavu ndi kachipika kuti ndione ngati timakiyi takhazikika, monga ankachitira iwo. Palibe chinadumpha. Mwini chigayo anabwera ndi wilibala, anayang'anitsitsa, anafunsa ngati malemu anamaliza asanagone. Ndinati tinamaliza.

Mwini chigayoyo anaitana munthu wina kudzamanga hediyo pa injini, ndipo patapita masiku ochepa chabe ndinamva chigayo chikugunda ndili kumunda. Ndinaima ndi khasu m'manja mpaka dzuwa linandiotcha pamsana. Azimayi anayamba kudutsa ndi madengu pamutu, akundipatsa moni, osadziwa kanthu.

Mvula itatha, mwana wa alamu anga anabwera kudzandizonda. Ndi mwana wabwino, ananditengera shuga ndi sopo. Titacheza za kwawo ndinamufunsa za mpini, ngati angandibwereke ndiuone. Anayang'ana pansi. Anati unkangodzaza malo m'kashopu kake, ndipo analibe munthu woutsamira, ndiye ogula zitsulo zakutha atadutsa ndi lole anawapatsa pamodzi ndi zina.

«Nanga mphira ija unachotsa, mwanangu?»

«Iyayi, azakhali. Sindinadziwe.»

Ndinamuuza kuti palibe kanthu, ndinamutungira madzi akumwa.

Chopanira chili pa msomali womwe uja. Anyamata okonza mapampu amabwera kudzabwereka, ndipo ndimawapatsa, bola asamenye ndi hamala. Amachiyamikira kuti n'chabwino, sichivutitsa munthu wina. Chigayo chikugundabe. Ngowe ija pa chipika cha tsanya ana akhala akundiuza kuti ndiizule, imakola zitenje. Sindinaizule.