Mawotchi mu Mono

Anthu akamati a Swaibu ndi munthu wofatsa, ine ndimangoti eya, chifukwa sadziwa liuma limene lili mkati mwa mkanjo umenewo. Ndine mkazi wawo, Zainabu, ndipo ndakhala nawo zaka zokwanira kuti ndinene zimenezi popanda wonditseka pakamwa.

Asanayambe za mawotchi, a Swaibu anali munthu womira. Khoka likakodwa pamwala pansi pa nyanja, eni ake ankathamangira iwowa. Ankavula malaya, kukoka mpweya kawiri, n'kulowa, ndipo anthu m'bwato ankayamba kuyang'anana iwo asanatulukire. Anagwira ntchito imeneyo kuyambira unyamata mpaka chifuwa chinayamba kulira ngati chitseko, a kuchipatala n'kuwauza kuti akapitiriza adzatsalira komweko. Anasiya, koma mtima wawo sunachoke pansi pa madzi.

Ndiye kunabwera matipate. Chaka chimene tinavotera zipani zambiri chija, aliyense pa Nkhotakota anasanduka wa geni. Anthu ankakwera basi mpaka ku Karonga, kuwoloka Songwe, n'kubwerako ku Kyela ndi zitenje, masilipasi, mawailesi. A Swaibu anabwerako ndi mawotchi a pamkono odzaza kachikwama. Anali okongola, musanamizidwe. Pagalasi panali mayina a mawotchi odula a ku Ulaya, malamba akuwala ngati golide, kumsana kwake atalemba kuti salowa madzi. Golideyo ankatha mwezi usanathe, koma zimenezo asodzi analibe nazo ntchito. Iwo ankafuna wotchi yoti ikhale pamkono pokoka khoka la chilimira, ndi potawaza poti akaswali, osavulavula.

Mavenda enawo anali ndi nzeru yawo. Ankaika wotchi imodzi m'botolo la madzi pabenchi, ikuyenda tiki tiki, aliyense aone. Ya m'botoloyo sinkagulitsidwa ayi. Wogula ankapatsidwa inzake ya m'pepala, ndipo zotsatira zake ankakazionera kunyumba.

A Swaibu anangoti botolo si nyanja. Wotchi iliyonse ankaitsegula kumsana ndi kampeni, n'kupaka kamphira ka mkati mafuta olimba odzola aja, n'kutsekanso. Kenako ankamangirira onse ndi tizingwe mkati mwa mono, mono weniweni wa nsomba, n'kuikamo mwala. Akachoka ku swala ya m'mawa ankapalasa bwato mpaka pakuya, n'kutsitsa monowo mikwamba isanu. Chingwe chake chinali ndi mfundo pa mkwamba uliwonse. Ankakhala pamenepo nthawi yokwanira kutafuna chinangwa chowotcha chimodzi mosafulumira, n'kuvuula. Kumsika ankawayala pansalu yakuda padzuwa. Yolowa madzi siibisa, imachita nkhungu kuseri kwa galasi dzuwa likangoigunda.

Ndiye pankakhala milu iwiri, wa m'madzi ndi wa kumtunda. A kumtundawo ankagulitsa kwa aphunzitsi ndi makalaliki, atawachenjeza kuti azivula ngakhale posamba m'manja. Ndipo aliyense, wa m'madzi ndi wa kumtunda yemwe, ankauzidwa mawu omwewo: "Dzina lili apali ndi lobwereka, achimwene. Mwini dzina ali ku Ulaya, sakuidziwa wotchi imeneyi. Chimene ndingakutsimikizireni ndi cha madzi chokha, chifukwa ndamiza ndekha."

Benchi yanga ya mandasi inali yoyandikana ndi yawo. Mwamuna wanga woyamba anali atamwalira zaka zitatu zapitazo, ndipo ndinalibe nthawi yosekerera zopusa. Ndinkapsa mtima ndikamaona munthu wabwera ndi mtima wogula, iwo n'kuyamba kumuuza za dzina lobwereka.

"Kodi a Swaibu, mwabwera kudzagulitsa kapena kudzalalikira?" ndinkatero. "Munthu wakonda chinthu, inu mukumuchotsa chilakolako."

"Abweranso," ankayankha choncho basi, akupukuta galasi.

Chondinyansa n'chakuti ankabweradi. Asodzi a ku Kanyenda, a ku Nkhunga, ena ochokera ku Dwambazi komwe, ankadutsa mabotolo onse aja n'kudzaima pansalu yakuda. A Swaibuwo ndinawakalipira chaka chathunthu, tsiku ndi tsiku, mpaka ndinazindikira kuti tsiku limene apita ku Kyela mandasi anga sindiwamva kukoma. Anandifunsira pabenchi pomwepo, maso ali pa wotchi, ngati akufunsa ngati kugwe mvula. Ndinavomera msanga kuposa mmene mkazi wa msinkhu wanga amayenera kuchitira, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinkawafuna.

Vuto linali amjomba, a Idrisa, mlongo wawo wa mayi anga. Bambo anga anamwalira kalekale, choncho mawu a amjomba ndiwo ankatsegula kapena kutseka khomo. Anali telala wakale, munthu wosabwerera m'mbuyo. Tsoka lake, chaka chomwecho anali atagula wotchi kwa wina wa mabotolo, ndipo inafa ndi mvula yoyamba ali panjinga. Kuyambira pamenepo wogulitsa mawotchi aliyense anali wakuba.

"Mwana wa mlongo wanga sangakadye za bodza," anatero a Swaibu atapita kukadzionetsa. "Ndinu nonse amodzi."

A Swaibu anatulutsa wotchi ya mulu wa m'madzi n'kuiika pamkeka. "Amjomba, valani iyi mwezi wathunthu, osavula. Ikalowa madzi, simudzandionanso pakhomo pano ndi nkhani imeneyi."

Atandiuza madzulo ake ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi chiwaya. Ine Zainabu, mwana wa anthu, ukwati wanga aupachike pa kawotchi ka ku Kyela? Anangoti yamira mikwamba isanu kawiri, ndisade nkhawa.

Masabata atatu zinthu zinayenda. Amjomba ankatawaza nayo kasanu patsiku, mwadala akumathira madzi ochuluka pamkono. Anakachapa nayo ngakhale mkanjo kunyanja, ntchito imene sanaigwirepo chibadwire. Wotchi ikungoyenda. Anayamba kuionera nthawi pagulu, akukweza mkono kuposa mmene zimafunikira, ndipo ine ndinayamba kufunsa mitengo ya nsalu.

Kenako kunabwera chisanu cha Juni, mwera ukuwomba, maondo a amjomba n'kudzuka. Aliyense wa kuno amadziwa kumene nyamakazi imapita: ku Chawira, kumene madzi amatuluka pansi ali otentha, nthunzi ili tolotolo. Anakakhala m'menemo mpaka zala zinachita makwinya. Masana ake anafika kumsika, n'kuika wotchi pansalu yakuda ija. Galasi lonse linali loyera ndi nkhungu, mivi itaima. Anandiyang'ana ine, anawayang'ana a Swaibu, n'kumapita akutsimphina. Kunali kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti mwezi ukwane.

Koma mutu wanga umagwira ntchito msanga ndikapanikizika.

"Pitani mukawauze kuti inu mumanena madzi a m'nyanja," ndinatero. "Za Chawira sizinali m'pangano. Ndani amalowa ndi wotchi m'madzi ophikira dzira?"

"Ndinati madzi," anatero a Swaibu. "Sindinati ozizira."

Anaitsegula ndi kampeni kaja. Mafuta onse anali atasungunuka n'kuyenderera, kamphira katafewa. Anaiweramira nkhope itagwa, ine n'kumaganiza kuti akulira za ine. Pamene anatsegula pakamwa anati, "Asodzi anga onse aja amakasamba ku Chawira nyengo ino. Ndawauza kuti asamavule."

Ndinawauza mawu amene sindingawabwereze pano.

M'mawa mwake ndinapeza benchi yawo ili mbee. Wogulitsa tomato anandiuza kuti wawaona akupalasa njinga cha ku Chawira, mono uli pakaliyala. Anali atangobwera kumene ku Kyela sabata imeneyo, katundu yense ali watsopano, mpamba wonse uli m'menemo. Ndinasiya mandasi osavundikira n'kuuyatsa ulendo wapansi, ndikulankhula ndekha njira yonse.

Ndinawapeza atakwinya buluku mpaka m'maondo, chingwe chili m'manja, mono uli kale pansi pamene madzi amatentha kwambiri. Amayi ochapa anali atasiya zochapa zawo.

"Bambo, ndiwo zake n'zimenezo? Mwathira mchere?" anafunsa wina, anzake n'kugwa nako kuseka.

"Vuulani," ndinatero. "A Swaibu, vuulani msanga. Mwaona kale kuti imodzi yafa, mukufuna muone chiyani china? Ingowauzani anthu kuti azivula ku Chawira, nkhani yatha."

"Ndiwauza. Koma mwina ilipo ina yopirira. Ndingadziwe bwanji ndisanamize?"

"Ndiye mumize onse?"

"Nanga ndisankha bwanji, poti kunja akufanana?"

Anatulutsa chinangwa chawo m'thumba n'kuyamba kutafuna, mosafulumira monga mwa masiku onse. Ine ndinakhala pamwala, nthunzi ikundilowa m'maso, ndikuyang'ana mpamba wa munthu amene ndinkafuna kukwatiwa naye ukuwira. Ndinalira, ndisakunamizeni, ndipo pakati pa kulirako ndinapezeka ndikuseka nawo amayi aja, chifukwa zinali zosekesadi.

Atavuula anayala onse pansalu. Sipanafunike ndi dzuwa lomwe. Mulu wonse unali nkhungu yokhayokha, ena madzi akuoneka kugwedezeka mkati. Atatu okha ndiwo anatuluka galasi lili mbee, akuyenda ngati palibe chachitika. A Swaibu anawanyamula atatuwo, kuwatembenuza, n'kupeza kuti chivundikiro chawo chinali chopotokola, osati chongokanikiza ngati enawo. Nkhope yawo inawala ngati apeza mwana wotayika.

"Waona, Zainabu? Tsopano ndadziwa mawotchi oyenera kugula."

"Mugula ndi chiyani?" ndinafunsa. Iwo anali akukulunga kale onse m'nsalu, amoyo ndi akufa omwe.

Anati akupita kwa amjomba kukatsanzika, poti pangano ndi pangano, ndiponso kukawapatsa wotchi ina m'malo mwa yakufayo. Anandiuza kuti ndibwerere kumsika. Ndinavomera ndi mutu, n'kudzera njira yachidule ya m'minda ya chinangwa, ndipo pamene iwo ankaimika njinga ine n'kuti nditakhala kale kuseri kwa mpanda wa bango, khutu lili pa mpata.

Amjomba anali pakhonde ndi makina awo osokera. A Swaibu anapereka salamu, anakhala pansi, n'kumasula nsalu ija. Mawotchi akufa anangoti waa pamkeka.

"Amjomba, munanena zoona. Inalowa madzi. Ndinayesa kuya kokha, kutentha sindinakuganizire, ndipo kulakwa n'kwanga. Lero ndamiza onse ku Chawira. Awa afa. Awa atatu apirira, sankhanipo imodzi. Za Zainabu sindidzabweranso nazo, monga ndinanenera."

Makina anaima. Amjomba anatola yakufa imodzi, kuigwedeza pafupi ndi khutu, kuibweza. Anatola ina.

"Katundu yense?"

"Yense."

"Anakutumani ndani?"

"Palibe."

Amjomba anavula magalasi awo n'kuwapukuta ndi kansalu kotsala posoka. "Ine ndakalamba ndikugula zinthu," anatero. "Sindinaonepo wogulitsa akubwera yekha kudzandiyalira katundu wake wakufa. Nzeru za malonda mulibe, bambo, zimenezo ndaona. Koma bodza mulibenso. Kauzeni abale anu abwere Lachisanu tikatuluka ku mzikiti."

Mukuganiza kuti a Swaibu anamva? Anali ataweramitsa mutu, akupitiriza zimene anakonzekera panjinga. Ankati sakudandaula, ankati Zainabu ndi mkazi wabwino adzapeza wina, ankati amjomba asamuimbe mlandu mwanayo chifukwa iye anayesetsa kuwaletsa. Amjomba anabwereza za Lachisanu zija. A Swaibu anayankha kuti inde, Lachisanu adzakhala atachotsa benchi yawo kuti asamamuvutitse maso Zainabu.

Pamenepo ndinalephera kupirira. Ndinaimirira, mutu n'kutulukira pamwamba pa mpanda, masamba a chinangwa ali m'mpango.

"Avomera, inu! Khalani chete, mungawasinthitse maganizo."

Amjomba sanatembenuke n'komwe. Anabwezera magalasi pamphuno, kuponda makina, n'kunena kuti popeza ndafika kale ndilowe ndiwapatse alendo madzi akumwa. Ndinazungulira mpanda mothamanga ndi chimwemwe, ndipo kapu yoyamba ndinaitayira pamkeka ndisanafike nayo kwa mwamuna wanga.