Aphunzitsi Okankhira Madesiki Kukhoma

Aphunzitsi a mwana wanga wamkazi ndi mayi wachikulire wovutika bondo. Akalambira m'kalasi yakumapeto, ndipo nthawi ya galamala ikakwana, amauza ana kuti akankhire madesiki kukhoma.

Mwana wangayo ndi wachibwibwi. Anzake ankamuseka akamawerenga, mpaka anayamba kukana sukulu. Ndinaopa kuti asiyira panjira ngati ine, ndiye ndinamuperekeza kuti ndikadandaule.

Tinapeza ana ali pamzere, aliyense atakoleka pakhosi kakatoni kolembedwa liwu limodzi.

"Iwe wosakhazikikawe ukhala mneni, uzidumpha," aphunzitsi anauza wina. "Koma usandithyolere bondo latsalali."

Wangayo anamukoleka liwu loti "ndi" n'kumuimika pakati. "Iwe ndiwe mlumikizi, mwanawe. Gwira dzanja uku ndi uku. Ukangotaya, chiganizo chonse chaduka."

Apa sipankafunika kuti ayankhule. Anagwira zolimba, moti mnzake anadandaula zala, onse awiri n'kuseka.

"Zowerengazo tifikako, mayi," aphunzitsi anandinong'oneza. "Ayambe kaye wakonda kubwera."

Masiku ano mwanayo amandikoka dzanja ndisanamalize kumupesa.

"Fu-fulumirani amayi, angaike wina pakati."