Dzungu Lomwe Ndinatembenuza Chobwerera

Ndinali ndi zaka khumi kapena kuposerapo pang'ono, paja nthawi imeneyo zaka tinkangoyerekeza. Kasukulu kathu, kufupi ndi Nambuma, kanali kofolera ndi udzu, ndipo Lamulungu tinkapempherera momwemo. Fungo la pansi pozira kumene ndi nyimbo zathu za m'mawa ndimazisowa mpaka lero.

Aphunzitsi athu, a Petulo, ndiwonso ankalemba maina a ana oyenera ubatizo. Langa linalimo, ndipo amayi anali atandisokera kale kansalu koyera.

Tsiku lina a Petulo anabwera ndi dzungu lotunga pandodo. Anati dzuwa siliyenda ayi, dziko ndilo limazungulira. Anabayapo minga iwiri, wina kuti ndi kunyanja, wina ku Mchinji. Anaima pakhomo pomwe dzuwa linkawomba n'kuyamba kutembenuza dzungulo. Anzanga ankangogwedeza mitu. Ine ndinayang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti kuwala kukuyamba kugwira munga wa ku Mchinji.

"Aphunzitsi," ndinatero, "kodi dzuwa limatulukira ku Mchinji? Kwathu limatulukira kunyanja."

A Petulo sanandikwapule. Ananena mofatsa kuti mwana wotsutsa akulu sanakhwime, ubatizo wake ukhoza kudikira chaka china.

Patapita sabata, wansembe wa ku mishoni anabwera panjinga kudzatiyesa katekisimu. Ataona dzungu pakona anakondwa, nafuna mwana woti aonetse mmene dziko limazungulirira. Chala chawo chinagwera ine. Ndinkadziwa bwinobwino kuti liyenera kulowera kum'mawa. Koma ndinayang'ana a Petulo, ndinaganiza za amayi, ndipo ndinalitembenuza monga anatiphunzitsira.

Abambowo anaseka, nagwira dzanja langa n'kulibweza. "Mwana iwe, sumvetsera aphunzitsi ako?"

Kalasi yonse inaseka, ndi omwe ankagwedeza mitu aja. Ndinadikira kuti a Petulo anene kanthu. Ananenadi.

"Ameneyu ndi wogona, Abambo."

Ndinabatizidwa pa Pasaka pamodzi ndi anzanga. A Petulo ankandilonjera mwaulemu mpaka imfa yawo, ndipo sindinawade. Anali ndi ana asanu, ndi ntchito yoti aisunge. Koma kuyambira tsiku limenelo, munthu akamalankhula ndimayang'ana manja ake, osati pakamwa.

Ana anga amati ndine wokayika mopitirira muyeso. Mdzukulu wanga wa ku sekondale akuti Nthanda, nyenyezi ya m'bandakucha ija, ndi dziko nalonso, koma limazungulira chobwerera, mosiyana ndi lathuli. Mwina n'zoona. Sindinavomere, sindinakanenso.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti wamkulu akalakwa, manyazi amawasenza ndi wamng'ono amene wavomereza. Chomwe sindinaone sindichivomera, ndipo chomwe ndaona ndi maso angawa sindidzachikananso pamaso pa munthu aliyense.