Asidi wa a Chichewa

Lachiwiri ndinali kudambo, kuthirira nazale ya fodya. Mukudziwa mmene dzuwa la mwezi uno limaotchera kuno kwa Wimbe. Mwana wanga wamkazi, Lusungu, amene wangolowa kumene Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya kwathu kuno, anabwera kudzandithandiza ataweruka. Anatunga makheni awiri okha, n'kunena kuti akupita.

"Wabwera pompano, ukuthamangira kuti?" ndinamufunsa.

"Ababa, a Chichewa atipatsa ntchito ya asidi. Akuifuna mawa."

Ndinatsitsa kheni pansi. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, sindibisa. Koma Chichewa ndachiyankhula zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo asidi sindinakumanepo naye m'menemo. Asidi amene ndimamudziwa ndi wa m'batire, uja anandiboolera thalauza la kutchalitchi. Ndiye ndinaganiza: kapena Chichewa cha kusekondale n'china? Kapena anachisintha osatiuza? Zinthu zimasintha. Ngakhale feteleza wa lero si uja tinkathira kale.

Nkhaniyi ikanathera pomwepo chikanapanda chipepala chimene chinali kudikira kunyumba. Sukulu inatumiza kuti kholo lililonse lisayine pofika Lachisanu. Mwana asankhe mbali imodzi: ya sayansi, kumene kuli Kemisitiri ndi Fizikisi, kapena mbali inayo ya Hisitole ndi zina zotero. Akasankha wasankha, mpaka mayeso a Fomu 4. Lusungu akufuna unamwino kuyambira ali wamng'ono, ndipo akuti kumeneko popanda sayansi sakuyang'ana n'komwe. Ndiye ndisayina bwanji pa sukulu imene ngakhale Chichewa chasokonekera?

Lachitatu ndinapalasa njinga kupita kusukuluko.

Pageti ndinapeza amayi ogulitsa zitumbuwa. Nditawapatsa moni ndinati, "Ndikufuna a Chichewa."

"Ndi awo akudutsawo, anyamula mabotolowo."

Sanandifunse kuti a Chichewa ndiye ndani. Ndipo m'pamene ndinazindikira kuti munthuyu waphunzitsa mwana wanga zaka ziwiri, koma dzina lake sindilidziwa. Ndi a Mwale. Ndinachita kufunsa eniake, mwamanyazi.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinawauza mwaulemu kuti ndabwera kudzamva za Chichewa chatsopanochi, chokhala ndi asidi.

A Mwale sanaseke. Anangopukuta choko m'manja n'kunena kuti, "Bambo a Lusungu, Chichewa chidakali chomwecho. Amene ndasintha ndi ine."

Nkhani yake ndi iyi. Mphunzitsi wa Kemisitiri anasamutsidwa teremu yatha, wina sanabwere. Tsiku lotsegulira, a hedi anafunsa aphunzitsi onse kuti ndani anakhoza bwino sayansi ali mwana wa sukulu.

"Ndinakweza mkono," anatero a Mwale. "Ndimayesa akungocheza."

"Ndiye Kemisitiriyo mumaidziwa?"

"Ndimakhala patsogolo pa ana ndi masamba awiri. Tsiku limene ndadzuka ndi mutu, timayendera limodzi."

Ndinafunsa za mabotolo aja. Anatsegula limodzi, munali madzi ofiira a chidede, chomwe chija amayi athu amathira ku ndiwo. Anawagawa m'makapu awiri. M'kapu yoyamba anafinyiramo ndimu, madzi aja anawala, kufiira kwambiri. M'kapu yachiwiri anathiramo timadzi tina, ndipo ndikuona ndi maso angawa, madzi ofiira aja anasanduka obiriwira ngati tsamba la fodya wosakhwima.

"Mankhwala a kunja amenewo?" ndinafunsa.

"Chidulo."

"Chidulo chomwechi cha therere?"

"Chomwecho. Ndimu ndiye asidi, chidulo ndiye mdani wake. Botolo ndi la akazi anga, akuti ndikabweze pofika nkhomaliro."

Chidulo ndachidya moyo wanga wonse, sindinadziwe kuti chili ndi mdani.

Kenako ndinatulutsa chipepala chija m'thumba, n'kuwafunsa mosazungulira kuti ndisayine mbali iti. Ndinkayembekeza kuti anditsimikizira, monga amachitira ogulitsa mbewu. Sanatero.

"Chichewa ndikhoza kukulonjezani, chimenecho ndinachiphunzira ku koleji. Pa Kemisitiri chimene ndingalonjeze n'chakuti ndizilowa m'kalasi tsiku lililonse. Mutu mwana wanu ali nawo. Zida zimene adzazipeze pa tebulo tsiku la mayeso, ife tilibe. Kumeneko sikudzakhala chidede."

Ndinabwerera ndikukankha njinga, chifukwa ndikamaganiza sinditha kupalasa.

Tsono abale, taganizani nane. Kuno tili ndi chizolowezi chotchula mphunzitsi ndi phunziro lake. A Masamu. A Bayoloje. Mayi a Chingelezi. Timawatchula ngati mmene timatchulira a butchala kapena a kabaza, ndipo timaona ngati ndi ulemu. Mwina ndi ulemudi. Koma dzinalo limatigoneka tulo. Mwana akati a Masamu anabwera, mtima umakhala pansi, timaganiza kuti munthuyo anabadwa ndi masamu m'mutu. Ndani wa ife anafunsapo kuti a Masamuwo ku koleji anaphunzira chiyani? Ine ndinadziwa za a Mwale chifukwa choti ana anachedwa kuwasintha dzina. Ikanatha teremu imodzi, akanakhala a Kemisitiri, ndipo ine ndikanasayina ndikuimba mluzu.

Pa fodya sitichita zimenezi. Nthawi yosankha ikafika, sutenga munthu aliyense pamsewu n'kumukhazika m'chigafa kuti ayambe kupatula masamba chifukwa choti anakweza mkono. Umayamba wamuona. Umamupatsa ndindi imodzi ya masamba, n'kuyang'ana ngati akusiyanitsa tsamba lapansi ndi lapamwamba. Ngakhale kumaesiteti, matenanti ongofika kumene amayamba aonedwa kaye manja. Fodya timamuopa chifukwa akasakanizika belo limabwerera kuchokera kumsika. Nanga mwana akasakanizika amabwerera kuti? Amabwerera kwa ife konkuno, kudzathirira nazale.

Musandimve molakwa, a Mwale sindikuwanena. Akanatha kukana. Akanatha kulowa m'kalasi, kulemba zam'buku pabolodi, n'kutuluka, ife osadziwa kanthu. M'malo mwake bambo wamkulu, wa ndevu zake, akuyenda ndi botolo la akazi ake pa sukulu. Ndipo anandiuza zoona pamene bodza linali lapafupi. Komabe khama ndi lina, kudziwa ndi kwina. Ine ndili ndi khama lambiri, koma musandipatse jekeseni kuti ndikubayeni.

Ndamvanso kuti si kwathu kokha. Mlamu wanga wa ku Kapelula akuti kwawo amene amaphunzitsa Fizikisi amaphunzitsanso Jogalafe ndi zamasewera, ndipo ndi amenenso amaliza belu. Aphunzitsi a sayansi akuti safuna kumudzi, kulibe magetsi, nyumba zikudontha. Sindingawaweruze, nanenso denga lodontha sindilikonda. Koma ana a ku Boma ndi ana a kuno adzalemba pepala limodzi, tsiku limodzi. Wolemba mafunso sadzafunsa kuti unaphunzitsidwa ndi ndani.

Lachinayi madzulo, dzuwa lisanalowe, tinakhala pakhonde atatu: ine, mayi ake ndi Lusungu. Ndinafotokoza zonse, osachotsera.

Mayi ake anati, "Atenge mbali inayo. Kumeneko aphunzitsi alipo enieni. Bola satifiketi yabwino ya Hisitole kusiyana ndi kugwa ndi sayansi ya chidulo."

"Amayi, ndi Hisitole kuchipatala akandilandira?"

"Nanga ndi kulephera akakulandira?"

Onse awiri ankanena zoona, ndipo ndinadana nazo. Ndinaganizako zomutumiza kwa azakhali ake ku Boma, koma kumeneko malo a Fomu 3 sapezeka ngati tomato, ndipo Lachisanu linali mawa lake.

Ndinamufunsa mwanayo, "Iwe, ukudziwa kuti aphunzitsi akowo akuphunzira limodzi nawe?"

"Tikudziwa tonse, ababa. Anatiuza tsiku loyamba. Akalakwitsa timawauza, amafufuta."

"Unawauzapo iweyo?"

"Kawiri tsopano."

Mayi ake anadzuma, n'kulowa m'nyumba. Sanavomere, sanakane. Amene muli pabanja mukudziwa tanthauzo lake: chikavuta, mlandu ndi wanga ndekha.

Ndinapempha cholembera. Ndinasayina mbali ya sayansi, pang'onopang'ono, chifukwa dzina langa ndimalilemba mosamala, limapezeka pa mapepala ochepa. Ngati ndalakwitsa, tidzadziwa pakatha zaka ziwiri, ndipo amene adzalipire kulakwitsa kwangako si ine, ndi mwana amene anatenga chipepalacho ndi manja awiri n'kunena kuti zikomo.

Tsono inu akuluakulu amene mumakhala kumaofesi n'kumagawa aphunzitsi, uyu apite uku, uyu achoke uko: chipepala chimenechi chikanabwera kunyumba kwanu, chili ndi dzina la mwana wanu, mukanasayina mbali iti?