Chitenje Chodulidwa cha Dailes

M'mawa uliwonse, dzuwa lisanasuzumire pamapiri ozinga Chipata, a Boaz Njobvu ankatulutsa njinga yawo pakhonde n'kupukuta khushoni ya pakaliyala. Ankapukuta kawiri: koyamba ndi kansanza konyowa, kachiwiri ndi chikhatho kuti amve ngati pauma. Akatero ankaliza belu kamodzi, ndipo mwana wawo Leticia ankatuluka ndi chikwama cha mabuku kumsana, nsapato zili m'manja, poti ankazivalira panjinga.

Ntchito ya a Boaz inali yonyamula anthu panjinga. Kwa zaka khumi ndi zisanu ankaima pansi pa mtengo umodzimodzi pafupi ndi msika wa Kapata. Sanali munthu wa mawu ambiri. Anzawo ankawaseka kuti, "Inu a Njobvu, makasitomala a m'mawa amakupitani mukuperekeza bwana wanu uja kusukulu." Iwo ankangoyankha kuti, "Bwana ndi bwana."

Mkazi wawo Dailes anamwalira mu Epulo, atadwala sabata ziwiri zokha. Anakamuika kwawo ku Chipangali. Maliro atatha, abale anagawana zovala za malemu monga mwa mwambo, ndipo a Boaz anawasiyira chitenje chimodzi, chabuluu cha masamba achikasu, chimene Dailes ankavala popita kutchalitchi. Tsiku lomwelo a Matiyasi, mlongo wake wa Dailes, anawaitanira pambali.

"Alamu, mwambo mukuudziwa. Mwana ndi wa kwa amake. Anapiye satsata tambala."

A Boaz anachonderera kuti mwanayo ayambe wamaliza giredi sikisi. A Matiyasi anavomera. "Sukulu zikatseka mu Disembala, ndidzabwera kudzamutenga."

Kuyambira pamenepo a Boaz anaphunzira zinthu zimene sankazidziwa: kusoka mabatani a yunifolomu, kutsira soda m'therere, kusita siketi ya mapindo. Mumtima anali ndi nzeru yawo. Anali atamva kuti mwana sasamuka sukulu popanda kalata ya transifa, ndipo kalatayo siituluka popanda dzanja la kholo limene dzina lake lili m'kaundula. Dzina limenelo linali lawo. Anatsimikiza kuti sadzasaina, zivute zitani.

Chaka chonsecho anayambana ndi mwana wawo kamodzi kokha. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. A Boaz anatsegula sutikesi kuti ayanike chitenje chija, n'kupeza chatsala theka. Theka linalo linali litadulidwa ndi lezala, mokhotakhota.

"Leticia! Wachita izi ndani?"

Mwana anaima pakhomo, maso ali pansi.

"Ndikufunsa iwe! Amako anatisiyira ichi chokha, iwe n'kumasokera zidole? Msinkhu wonsewu?"

Leticia anangogwetsa misozi. Kwa masiku atatu sanapite kusukulu, akuti m'mimba, ndipo atate ake anati wangokwiya. Atayambanso kupita, ankakhala panjinga chammbali, manja ali pamwendo. Anasiya kugwira malaya a atate ake monga ankachitira kuyambira ali giredi wani. A Boaz anaona, koma sanafunse.

Tsiku lotsekera sukulu linali Lachisanu. Mvula inali itagwa dzulo lake, ndipo pabwalo la sukulu panali mapiko a inswa mbwee. Ana anatulutsa madesiki n'kuwandandalika pansi pa mitengo ya mango kuti makolo akhalepo. Ena ankabweza mabuku a sukulu, ena ankathamangitsana ndi matsache akutha. A Boaz anatsamiritsa njinga pamtengo n'kuima pambali pake. Chapatali anaona a Matiyasi atavala jekete, nsapato zili matope a kumunda.

Pasukulupo anali ndi chizolowezi chawo. Mphunzitsi wa kalasi ankatchula ana khumi okhoza bwino, kuyambira wa nambala teni kutsikira kwa woyamba. Dzina likatchulidwa, mayi wa mwanayo ankathamanga ndi nthungululu, n'kuyala chitenje pansi kuti mwana apondepo pokalandira lipoti lake. Itafika nthawi ya giredi sikisi, a Madamu Dolika Sakala anaimirira ndi pepala lawo. Maina anatsika, zitenje zinayalidwa m'matope momwemo, amayi akusekana.

"Iwe amake Andireya, chaka chatha unabisala kuseri kwa chimbudzi, lero wavina!"

"Ndisiyeni, mwana wandichotsa manyazi!"

Kenako a Madamu anati, "Nambala thu, Leticia Njobvu."

Pabwalo panangoti zii. Leticia anaimirira n'kuyamba kuyenda pa dothi lopanda chitenje. A Boaz anayang'ana uku ndi uku, manja awo osadziwa chochita. Ndiye analiza belu la njinga. Analiza, n'kulizabe, mpaka amayi ena anadzidzimuka n'kuyamba nthungululu, ndipo amake Andireya anathamanga kukayala chitenje chawo chamatope chija. Leticia anapondapo osatukula mutu.

Mwambo utatha, a Madamu anatuma mwana kukaitana a Boaz. A Boaz anawapeza ali okha m'kalasi, akumatula mapepala a pakhoma.

"Atate ake Leticia, khalani. Za transifa ndamva. Amalume ake ali ku ofesi ya ahedi."

"Sindisaina, a Madamu. Mwaona nokha mmene wakhozera. Chaka chamawa ndi cha mayeso."

"Inenso sindifuna kumutaya. Koma pali nkhani imene sindinayenere kukuuzani ine. Anayenera kukuuzani ndi azimayi a kwawo. Popeza palibe, mundikhululukire." Anapinda pepala limene linali m'manja mwawo. "Mwana wanu anakula."

"Inde, watalika."

"Sindikunena kutalika, bambo. Anakula monga amakulira ana aakazi. Mu Okutobala. Zinamuyambira muno m'kalasi. Anakhala padesiki apo mpaka anzake onse ataweruka, akuopa kuimirira. Nditamufunsa kuti kunyumba auza ndani, anati, kunyumba kuli atate okha. Patapita masiku ndinamufunsa kuti akudzithandiza ndi chiyani. Anati anadula chitenje cha amake, poti amake akanakhalapo akanamupatsa okha."

A Boaz anakhala pa kadesiki ka ana, mawondo atafika pachifuwa. Kunja ana ankaimba nyimbo yotsanzikana. Iwo ankangomva mawu awo omwe a tsiku lija: zidole, msinkhu wonsewu. Anakumbukira masiku atatu aja mwana akubuula m'chipinda, iwo ali pakhonde kupopa njinga, akuti asiye kukwiya yekha.

"Ine ndamulangiza pang'ono," anatero a Madamu, "koma ndili ndi ana makumi asanu ndi awiri m'kalasi muno. Ndipo mawa ndi holide."

A Boaz anaimirira n'kupita ku ofesi. A Matiyasi anali atakonzeka kukangana, chipewa chili pabondo.

"Alamu, tisachititsane manyazi pamaso pa ahedi. Tinapangana."

"Amake aang'ono a mwanayu, a Jenny, ali kumudzi?"

"Alipo. Amukonzera kale pogona, limodzi ndi ana awo."

"Sukulu ili patali bwanji?"

"Kungowoloka dambo."

A Boaz anapempha cholembera. Analemba dzina lawo pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi. A Matiyasi anatsegula pakamwa, koma mawu amene anabwera nawo analibenso ntchito. Anangoti, "Zikomo alamu," motsitsa.

Anayenera kunyamuka masana omwewo, chifukwa a Matiyasi anasiya mtedza wosadzala ndipo mvula siidikira munthu. Kunyumba Leticia analongedza zovala zake m'chikwama. Atate ake anatsegula sutikesi, natulutsa theka lotsala lija, n'kulipinda bwinobwino.

"Tenga. N'cha amako, ndiye kuti n'chako. Ndinalakwa ine tsiku lija."

Leticia anawayang'ana, ndipo anadziwa kuti a Madamu awauza zonse. Manyazi anamugwira, koma analandira ndi manja awiri.

"Atate, mabatani a malaya anu ndaika m'kachitini ka pawindo."

"Ndamva, mama."

Anamukweza panjinga mpaka pamene pamaima malole a ku Chipangali. Ali pakati pa njira, pa chitunda, anamva kadzanja kakugwira malaya awo kumbuyo. Anapalasa pang'onopang'ono, anthu oyenda pansi akuwapitirira. Pamalo okwerera, Leticia anakhala pamwamba pa matumba a feteleza pafupi ndi amalume ake, lipoti lake litakulungidwa m'chitenje chija kuti lisanyowe. Lole itanyamuka, a Boaz anaima mpaka inakhota.

M'mawa mwake anatulutsa njinga pakhonde. Anapukuta khushoni ndi kansanza konyowa, n'kupukutanso ndi chikhatho. Chala chinapita chokha pabelu, ndipo linalira kamodzi. Anadikira pang'ono akuyang'ana chitseko. Kenako anachikhoma, nakwera njinga, n'kudzera njira yaitali ya kusukulu. Geti linali lotseka, mango akugwa okha pabwalo. Patsogolo pang'ono mayi wina wa dengu la tomato anakweza dzanja, ndipo a Boaz anaima kuti akwere.