Nsapato Zanga ndi Gulu la Ziguduli

Chibokosi chachitsulo choponyamo zovala za osauka chinkatsekeka ndi phokoso lakuti gwa! ngati chitseko cha ndende. Chinali kuseri kwa sitolo ina ku Hyattsville, ku Amereka, ndipo cholowamo sichinkatulukanso. Nsapato zanga zinalowa mmenemo Loweruka lina la Lenti, chisanu chisanathe.

Ndinkakhala kwa bambo ena akwathu amene ndinkawatcha amalume, ngakhale panalibe chibale. Tonse tinkasamalira okalamba ku Rockville. Wokalamba wina, yemwe kale ankaphunzitsa mbiri, anawauza amalume, pamene ankamumeta ndevu, nkhani ya anthu ena a ku Ulaya a zaka mazana ambiri zapitazo. Sanali ansembe ayi. Anali amalonda ndi oluka nsalu amene anagawa katundu wawo yense, n'kumayenda atavala ziguduli, opanda nsapato, akulapa machimo.

Amalume anabwera kunyumba atatentheka mutu.

"Amereka watinenepetsa mitima," anatero. "Tiyambitsa gulu."

Gululo linali iwo, ine, ndi m'Zambia wina woyendetsa takisi amene ankaganiza kuti ndi kwaya. Ziguduli sitinazipeze. Tinagula matumba a mpunga, mpungawo n'kuukhuthulira m'mabeseni a azakhali, akazi awo. Thumba limene ndinavala ine linali ndi chithunzi cha njovu pamimba.

Ine umphawi sindinachite kuumva kwa mphunzitsi. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo agogo amene anandilera sankalola mwana kutsutsa wamkulu. Nsapato ndinayamba kuvala ndili ku sekondale. Ku Amereka ndinali ndi peyala imodzi yokha, yoyera, ya kuntchito, ndipo Lolemba sakanandilola kulowa phazi lili pamtunda.

"Ponya, mphwanga," anatero amalume, ataponya zawo. "Upepukidwa."

Ndinaponya. Sindinapepukidwe.

M'Zambia uja anakana. "Ba mudala, takisi siyenda na mapazi chabe. Manje tizayimba liti?"

Tinaima m'mbali mwa msewu, simenti ikuluma ngati singano. Amalume anayamba kulapa mokweza, koma machimo ambiri amene ankatchula anali a anthu a kutchalitchi kwathu. Ine ndinkangosinthanitsa mapazi ngati nkhuku pamvula. Mzungu wina wodutsa anafunsa ngati mpungawo tikugulitsa.

Kenako galimoto ya amalume inaima pafupi, azakhali ali pa chiwongolero, akadali mu yunifolomu ya unesi.

"Bambo a ana, mwavala chiyani?"

"Mayi, tikulapa."

"Mpunga wadzaza m'beseni langa lochapira, ndiye kulapako?"

Anayang'ana mapazi anga, amene anali atatuwa ngati chinangwa chouma.

"Nanga iwe, Lolemba upita bwanji kuntchito?"

Ndinaloza chibokosi.

"Amalume akowa aponya ziti?"

Ndinayang'ana pansi, koma zimene ndinaona ndinaziona. "Zakuda zija, zoyasamula kutsogolo."

"Zija ndinazitaya m'bini chaka chatha iwo n'kukazitola?"

Amalume anakweza mawu a pemphero, maso atatsinzina. Azakhali anatsika, n'kutsegula kumbuyo kwa galimoto, n'kunyamula tayala losungira. Pansi pake panali nsapato za amalume zatsopano, zikadali m'katoni.

"Mayi, zimenezo n'za Pasaka!"

"Pasaka mudzavala thumba lomweli, likukukhalani."

Anandipatsa katoniyo m'manja.

"N'zazikulu, uikemo nyuzipepala," anatero, n'kulowa m'galimoto, ulendo.