Tsiku Limene a Purvis Sanatontholetse Bwalo

A Purvis Tillery anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi m'sitolo ya mbewu ndi zakudya za ziweto kuno ku Tolliver, ndipo sanakwezedwepo. Ananyamula matumba mpaka msana unakana, kenako anawaika pa kauntala. Koma mukafunsa munthu m'tauni muno kuti a Purvis ndani, za sitolo sangatchule. Anena kuti ndi bambo aja a pa wailesi Lolemba m'mawa, amene amapereka malikesi kwa kotabeki, woponya mpira amene amatsogolera anzake, wa timu ya koleji yathu ya mpira wa ku America.

Ine ndinawadziwa kudzera mwa malemu amuna anga, a Wendell. Anaphunzira limodzi kusekondale, ndipo mipando yawo m'bwalo inali yoyandikana, kumapeto kwenikweni, kuseri kwa zigoli. A Wendell atamwalira ndinapitirizabe kupita kumpira, chifukwa Loweruka kunyumba linkatalika. Ndinkagula kathumba ka mtedza wophika, n'kukhala pa mpando wawo.

Pa wailesi a Purvis ankakonda kuyamba ndi mawu akuti "nthawi imene ndinkasewera ine". A Wendell anandiuzapo tsiku lina tikutsuka mbale kuti ntchito ya mnzawoyo pa timu ya sekondale inali yogwirizira mpira pansi kuti wina aumenye. Kuponya sanaponyepo ngakhale kamodzi. Anandiuza kuti ndisakanene, ndipo sindinanene.

A Purvis anali ndi udindo wina m'bwalo, umene palibe anawapatsa koma aliyense ankaulemekeza. Timu yathu ikakhala ndi mpira, anthu amakhala chete kuti anyamata akutsogolo amve mawu a kotabeki. Phokoso timasungira alendo. Ngakhale mwana amadziwa zimenezi, koma anthu amene ayamba kumwa kuyambira m'mawa amafunika wowakumbutsa. Ndiye a Purvis ankaimirira, kuvula chipewa, n'kutambasula manja zikhatho zitaloza pansi, akuwatsitsa pang'onopang'ono. Mzere wathu unkatonthola, kenako wotsatira, mpaka bata linkazungulira bwalo lonse. Anthu zikwi khumi ndi ziwiri ankamvera manja a munthu wogulitsa chakudya cha nkhuku. Akakhala pansi nkhope yawo inkawala.

Chaka chimene ndikunenachi kotabeki anali Kelton Mabry, mnyamata wamtali, wosalankhulalankhula, wochokera ku katauni ka maola atatu kuchokera kuno. Ankaphunzira zauphunzitsi, ndipo sukulu ankaphunzira ulere chifukwa cha mpirawo. Amayi ake, mayi Vernita, ankaphika kusukulu ya pulayimale kwawoko. Masewero aliwonse a pakhomo ankabwera, n'kukhala mizere itatu pansi pathu, atavala juzi ya nambala ya mwana wawo.

Timu sinali bwino chaka chimenecho. Pa masewero asanu ndi atatu inagonja kasanu. Lolemba lililonse ndinkamva a Dub Holloway, woyendetsa pulogalamuyo, akufuula mosangalala.

"A Purvis ali pa foni! Mdala, mwadzuka? Mwana wathu mukumupatsa chiyani lero?"

"Dub, ndamupatsa D. Ndipo ndachita chifundo, chifukwa dzulo ndinali kutchalitchi."

"Aaa, D yeniyeni? Walakwanjinso?"

"Iwe unalipo kapena unkadya soseji? Mnyamata uja amagwira mpira nthawi yaitali ngati akufuna kuupatsa dzina. Akati auponye, umauluka ngati nkhuku imene mwaiponya kuseri kwa mpanda. Nthawi imene ndinkasewera ine, woponya wotere tinkamupatsa ndowa azitunga madzi."

A Dub ankaseka mpaka kutsokomola. Pofika masana mawu a a Purvis ankakhala atafika kometera tsitsi, komwetsera mafuta, ngakhale ku msonkhano wa amayi kutchalitchi. Ana asukulu anayamba kumutcha Kelton kuti Nkhuku. Wina anakamusiyira nthenga zodzaza thumba pa galimoto yake. A Purvis atamva anati, "Ine sindinatume munthu," koma anafotokoza nkhaniyo katatu tsiku limodzi.

A Wendell anandiphunzitsa kuti poonera mpira ndisamangotsatira mpirawo, ndizionanso anyamata akuluakulu akutsogolo amene amatchinga. Ndiye ndinkaona kuti wotchinga kumanzere akutsimphina chiyambire mwezi wa September, ndipo adani ankadutsa pamenepo ngati pachipata. Masewero ena ndinawerenga mipira isanu ndi iwiri imene inafika m'manja mwa olandira, iwo n'kuigwetsa. Tsiku limenelo ndinalimba mtima.

"A Purvis," ndinatero, "koma mipira ina ija agwetsa ndi olandira."

Sanandiyang'ane n'komwe. "Mayi Lorene, inu idyani mtedza wanu. Wendell ankadziwa mpira. Inu munkadziwa Wendell."

Amene anali pafupi anaseka. Ndinadya mtedza wanga.

Masewero omaliza a pakhomo anali Loweruka masana, mu November. Asanayambe ndinakumana ndi mayi Vernita pa mzere wa kuchimbudzi cha amayi. Tinali titangozolowera kugwedezerana mutu, koma tsiku limenelo anandigwira mkono ngati tinadziwana kale.

"Mayi, mutipempherere. Kochi wamuuza Lachinayi kuti lero ndiye lero. Akapanda kuchita bwino malo apatsa Brantley, kamnyamata ka chaka choyamba kaja. Ndipo malo akapita, sukulu yaulere chaka chamawa ipitanso. Ine malipiro a kukhitchini sangakwane ngakhale mabuku." Anatsegula chikwama n'kuchitsekanso osatengamo kanthu. "Chatsala chaka chimodzi kuti amalize. Chimodzi chokha."

Ndinati ndipemphera.

"Kodi Purvis wa pa wailesiyu amakhala mbali iti? Ndikungofuna ndimuone nkhope."

Ndinayang'ana pansi. Ndinati bwalo ndi lalikulu.

Theka loyamba Kelton anasewera bwino ndithu. Anaponya mipira khumi ndi umodzi, isanu ndi itatu inagwidwa, ndipo popita kopuma tinali kumbuyo ndi mapointi atatu okha. A Purvis anatontholetsa bwalo monga mwa masiku onse, koma ankatafuna mlomo. Bambo wina wa kumbuyo kwathu anawakodola paphewa.

"Mdala, Lolemba mukanena chiyani? Nkhuku yanu ija ikuuluka lero!"

"Dikira," anatero a Purvis.

Theka lachiwiri litangoyamba, Kelton anaponya mpira wolunjika pachifuwa pa wolandira. Unadumpha m'manja mwake n'kugwera m'manja mwa mlendo, amene anathamanga nawo mpaka kukagoletsa. A Purvis anaimirira msanga kuposa aliyense.

"Si ndinanena! Dub ali kuti? Si ndinanena ine!"

Anthu anayamba kukuwiza. Timu yathu italandiranso mpira, inayambira pafupi kwambiri ndi mzere wa zigoli zathu, pansi pathu penipeni, moti nkhope za anyamatawo ndinkaziona mkati mwa zisoti. Kelton akulowa, ophunzira a mbali ina anayamba kuimba dzina la Brantley. Ena ankalira ngati nkhuku.

Anyamata anafola. Kelton anawerama kuseri kwa wapakati, uja amene amamupatsira mpira kudzera pakati pa miyendo, kenako anaweramuka. Anali ataona kuti adani aunjikana kumanzere, kwa wotsimphina uja, ndipo ankafuna kusintha zimene anapangana. Anafuula kumanja, anafuula kumanzere. Ine ndinkangoona kukamwa kukutseguka. Anyamata awiri anatembenuka n'kugwira m'makutu kusonyeza kuti sakumva.

Ndiye Kelton anatembenukira kwa ife. Anatambasula manja, zikhatho zitaloza pansi, n'kuwatsitsa pang'onopang'ono. Anatero kawiri.

Mitu ya anthu a mzere wathu inatembenukira kwa a Purvis. Ya mizere ina chimodzimodzi. Zaka zonsezi anthu sankatonthola chifukwa cha wosewera, ankadikira chipewa chija. A Purvis anali chiimire. Dzanja lawo linakwera mpaka kugwira chipewa, ndipo ine mtima unakhala pansi. Koma anangochikanikiza m'mutu, n'kukunga manja pakamwa.

"Tuluka, Nkhuku! Tipatse Brantley!"

Phokoso limene linatsatira sindinalimvepo pa timu yathu yomwe. Mpando unkanjenjemera. Mayi Vernita anaimirira n'kutembenuka, akutsitsa manja awo aang'onowo kwa anthu onse aja, akunena zimene palibe anamva. Wina anawaponyera kapu yopanda kanthu.

Nthawi inkatha. Theka la anyamata linamva kusinthako, theka silinamve. Wapakati anaponya mpira Kelton akuyang'anabe kumbali, unamugunda pa ntchafu n'kugwa. Powerama kuti autole, adani awiri anatulukira kumanzere popanda wowagwira. Anamugwera onse paphewa lamanja.

Sanadzuke. Miyendo yokha inkapalasa udzu.

Ndilemba zimene zinachitika, ngakhale ambiri masiku ano amati sakukumbukira. Brantley atavala chisoti n'kuyamba kuponyaponya mpira m'mbali mwa bwalo, anthu anaomba m'manja ndi kuimba likhweru. Kelton anali akadali pansi, adokotala atagwada pambali pake. Mayi Vernita anatsika masitepe akugwira chitsulo, anthu akuwapatsa njira osasiya kuomba.

Brantley atalowa, a Purvis anavula chipewa. Anatambasula manja, ndipo bwalo lonse linati zii. Tinkamva mawu a mnyamatayo bwinobwino, ngakhale kulira kwa kangolo ka injini kamene kananyamula Kelton kakutuluka pachipata. M'bata limenelo Brantley anayendetsa timu mpaka kukagoletsa kamodzi. Tinagonjabe ndi mapointi khumi, koma kochi anali ataona zimene ankafuna kuona.

Lolemba ndinatsegula wailesi. Sindikudziwa chifukwa chake.

"Lero ndi F, Dub. Ndinafunafuna chilembo china chotsika, kulibe."

"Koma mdala, ena akuti phokoso linachuluka. Akuti anyamata sanamve."

"Ena ake ati? Woponya weniweni amamveka ngakhale sitima ikudutsa. Uja mawu ake ngati akupempha mchere patebulo. Brantley bwanji anamveka? Bwalo ndi lomwelo, makutu ndi omwewo."

"Pamenepo mwanena zoona."

"Ine sindida munthu, Dub. Ndimangonena zimene maso aona. Tikumufunira kuchira kwabwino."

Foni yanga inali patebulo, nambala ya wailesi ndinkaidziwa pamtima. Ndinatenga nsalu n'kuyamba kupukuta tebulo lomwe linali loyera kale.

Phewa linathyoka pawiri. Nyuzipepala inalemba mizere inayi yonena kuti Kelton Mabry sadzakhala pa timu chaka chamawa. Za sukulu sinalembe.

Sabata yachiwiri ya December ndinapita kusitolo kukagula chakudya cha mbalame. Ndili pa mzere, panja panaima galimoto ya bokosi, kumbuyo kuli matiresi, mpando ndi makatoni a mabuku. Mayi Vernita anatsala pa chiwongolero. Kelton analowa, mkono uli m'nsalu yokolekera m'khosi. Popanda chisoti ankaoneka wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira.

"Pepani bambo, ndikufuna chingwe chomangira katundu."

A Purvis anamuzindikira pomwepo. Anatuluka kuseri kwa kauntala akumwetulira.

"Aaa, si Mabry uyu? Takulandira, mwana wanga! Phewa likuti bwanji? Ukusamuka?"

Kelton anapendeketsa mutu pang'ono, monga amachitira munthu akamva nyimbo imene akuidziwa.

"Ndinu a Purvis," anatero.

"Wandidziwa bwanji? Sitinaonanepo."

"Mawu anu, bambo. Ndinkakumverani Lolemba lililonse m'galimoto, ndisanalowe m'kalasi."

"Ona! Ndiye usazitengere kumtima zija, ndi mpira basi. Ine ndimauza anthu kuti mnyamata uja mtima ali nawo, kungoti dzanja." Anamumenya paphewa, lamanzere mwamwayi. "Ukachita chiyani kwanuko?"

"Amalume akuti kufakitale ya nkhuku akulemba anthu, mkono ukapola."

Bambo wina amene ankasankha misomali anabisa nkhope m'kolala, mapewa akugwedezeka. A Purvis anadziluma mlomo kuti asaseke, n'kupita kukadula chingwe. Anachikulunga bwinobwino, chifukwa pa ntchito yawo sankachita zosasamala.

"Umange mopingasa, mphepo ya pamsewu waukulu imanyamula matiresi."

"Zikomo, bambo."

Ndi dzanja limodzi Kelton sakanatha kumanga, ndiye amayi ake anatsika n'kukwera kumbuyo. Iye ankagwira nsonga ya chingwe ndi mano, iwo akukoka. Mayi Vernita anandiona pawindo, kenako anaona a Purvis, amene ankafuna kuwaona nkhope aja, ataima pambali panga. Anayang'ana kwa nthawi, kwa ine osati kwa iwo. Anamaliza mfundo yomaliza, nalowa m'galimoto.

Isanakhote n'komwe pa ngodya, a Purvis anali atatembenukira kwa anthu a m'sitolomo.

"Mwamva nokha? Lolemba lililonse! Osewera enieni amandimvera ine. Dub ayenera kumva zimenezi." Anakoka thumba langa n'kuliika pa sikelo. "Mayi Lorene, inu ndinu mboni. Akafunsa mudzanene."